Motoka Yoyendela Gasi wa mu Silinda: Mbili ya Mafuta Amene Anali Kutayidwa

Tsiku lothela mwezi, mafoni a pa wailesi yathu sapumula. Ndiye tsiku limene a ERB amalengeza mitengo yatsopano ya petulo na dizilo, ndipo aliyense amene ali na motoka, minibasi, olo ka jeneleta ka pa shopu yometela tsitsi amafuna kukambapo. Mwezi wina mnyamata woyendetsa takisi anatuma foni na funso limene linatisowetsa cokamba. Anati anaona kavidiyo pa foni: anthu a ku America akukwela mwala waukulu monga nyumba na ka motoka kakale, kumbuyo atamangilila masilinda awili a gasi. "Manje ngati gasi akweza motoka pa mwala," anafunsa, "ine ningalephele bwanji kufika ku Chelstone na silinda ya amai ya 9 kg?"

Tinaseka mu studio, koma titatseka pulogilamu funso lija linatilondola mpaka kunyumba. Tinafufuza, ndipo tinapeza kuti zimene mnyamatayo anaona si zabodza. Ku America kuli anthu amene amasewela na mamotoka pa miyala na m'mapili, ndipo ena a iwo anacotsa petulo n'kuika gasi wochedwa propane, m'bale wake wa gasi amene tiphikila nsima malaiti akazima. Koma cimene anacitila zimenezi si cimene ambili a ife tingaganize. Kuti timvetse, tifunika kubwelela kumbuyo zaka zoposa 100. Mbili ya gasi ameneyu ionetsa cinthu cimodzi mobweleza-bweleza: amapambana pamene pali vuto limene petulo walephela, komanso pamene silinda yodzala ili pafupi. Cimodzi mwa ziwilizi cikacoka, anthu amamusiya.

Petulo wothawa mu thanki

Nkhani iyambila mu mzinda wa Pittsburgh, ku America, mu 1910. Panthawiyo motoka inali cinthu cacilendo. Ford Model T inali itatha zaka ziwili cabe pa msika, ndipo petulo wa masiku amenewo sanali woyengedwa bwino monga wa lelo. Wina anali kucokela pa zitsime za gasi, ndipo anali wosakhazikika: munthu akathila mu thanki, pofika kunyumba wacepa olo kuti ulendo unali waufupi. Nkhani imene imakambidwa ni yakuti mwini motoka wina anakwiya n'kupita kukadandaula ku ofesi ya boma yoona za migodi, Bureau of Mines, poganiza kuti ogulitsa amubela. Kumeneko kunali katswili wa za makemikolo dzina lake Walter Snelling. Iye anapima petulo uja n'kupeza kuti mkati mwake munali mipweya yosungunuka, maka-maka propane na butane, imene inali kuuluka kukangotentha pang'ono.

Snelling sanali woyamba kudziwa propane. Wasayansi wa ku France, Marcellin Berthelot, anali atamupanga kale mu labu mu 1857. Cimene Snelling anacita ni kupeza njila yopatula mipweya imeneyi n'kuipanikiza mu botolo lacitsulo mpaka isanduke yamadzimadzi, kuti munthu azitha kuinyamula na kuigulitsa. Iye na anzake anayambitsa kampani yochedwa American Gasol, ndipo mu 1912 nyumba ina ku Pennsylvania inayamba kuunikila na kuphikila gasi wa mu botolo. Mu 1913 boma linamupatsa cikalata coteteza luso lake.

Izi zisanacitike, ndipo ngakhale kwa zaka zambili pambuyo pake, okumba mafuta anali kuona gasi ameneyu monga zinyalala. Anali kusokoneza petulo, anali woopsa kusunga, conco anali kungomutentha pa zitsime usana na usiku. Mpaka lelo propane sakumbidwa payekha. Amatuluka poyeletsa gasi wa pansi pa nthaka kapena poyenga mafuta, ndipo mtengo wake umadalila kwambili mtunda umene wayenda kuti akufikeni.

Khalidwe lake

Kuti timvetse zimene zinatsatila, tiyeni timudziwe gasi ameneyu. Madzi amawila pa madigili 100. Propane amawila pa madigili 42 pansi pa zilo. Ndiye kuti olo m'mawa wa mu June, kwa iye kwatentha kale, ndipo cimene cimamusunga wamadzimadzi ni pulesha ya mu silinda cabe. Tsiku lofunda bwino pulesha imeneyo imakhala kuwilikiza katatu kapena kanayi ya mu tayala la motoka yaing'ono, ndipo imakwela dzuwa likaomba. N'cifukwa cake silinda amaidzaza kufika pa 80 pelesenti cabe, kuti gasi akafufuma apeze malo. Lita imodzi ya propane wamadzimadzi ikatuluka panja imasanduka malita pafupi-fupi 270 a mpweya. Mpweya umenewo ni wolema kupambana umene tipuma, conco suuluka kupita m'mwamba. Umatsika n'kukhala pansi, mu dzenje, mu ngalande, mu buti ya motoka. Gasi amene tigula kuno wophikila nthawi zambili ni wosakaniza propane na butane, ndipo khalidwe limeneli ali nalo.

Fungo lija loipa limene timamva silinda ikadontha si lake. Propane alibe fungo, amacita kumuthila mankhwala onunkha mwadala. Lamulo limeneli linabwela na misozi. Pa 18 March 1937, sukulu ya ku New London, ku Texas, inaphulika cifukwa ca gasi wopanda fungo amene anadzala pansi pa nyumbayo popanda wina kudziwa. Anthu pafupi-fupi 300 anafa, ambili a iwo ana a sukulu. Gasi wa tsikulo anali wa m'mapaipi ocokela ku zitsime, koma phunzilo linakhudza onse ogulitsa gasi: ayenela kununkha kuti mphuno icenjeze munthu moto usanabuke.

Ku munda, mu tauni na mosungila katundu

Anthu oyamba kukonda propane mu injini sanali a masewela. Anali alimi. M'zigawo za America zokumba mafuta, monga Texas na Oklahoma, gasi ameneyu anali wochipa kwambili, ndipo mlimi anali kale na thanki yaikulu pa nyumba yophikila na kufunditsila nyumba. Mu 1941 kampani ya Minneapolis-Moline inayamba kugulitsa mathilakitala ocoka ku fakitale ali oyendela gasi. M'zaka za m'ma 1950 makampani ena analondola, ndipo thilakitala yochuka ya John Deere 4020, imene inatuluka mu 1963, munthu anali kusankha yekha kaya afuna ya petulo, ya dizilo olo ya gasi. Alimi anaona kuti oilo ya mu injini imakhala yoyela nthawi yaitali ndipo mapulagi sada msanga. Panalinso phindu lina: wakuba sangapope gasi na ka paipi n'kuthila mu cigubu. Koma mainjini a dizilo atakhala amphamvu komanso osadya mafuta ambili, alimi anasamukila kumeneko, ndipo pofika m'ma 1970 thilakitala yatsopano ya gasi inali kusowa.

Mu tauni zinayenda cimodzi-modzi. Mu 1950 mzinda wa Chicago unagula mabasi mahandiledi angapo oyendela propane, ndipo anasewenza zaka zambili mpaka dizilo anawalanda malo.

Kumene propane anakhazikika osacokanso ni mu nyumba zosungila katundu. Forklift imasewenza mkati mwa nyumba, pafupi na anthu. Utsi wa petulo na dizilo mmenemo umadwalitsa, pamene wa propane, injini ikakhala yokonzedwa bwino, uli na mpweya wa poizoni wocepa, olo kuti mawindo na zitseko zifunikabe kutseguka. Ndipo gasi akatha, woyendetsa amangomasula silinda n'kuika ina mu mphindi zocepa. Cifukwa ca malonda amenewa, makampani monga Impco anapanga zipangizo zosavuta komanso zolimba zosinthila injini ya petulo kuti iziyendela gasi, ndipo silinda ya forklift ya makilogilamu pafupi-fupi 15 inayamba kupezeka mu tauni iliyonse ya ku America. Sungani mfundo imeneyi, tidzaipezanso pa miyala.

Pamene msonkho unalowelela

Mu October 1973 maiko a Aluya okumba mafuta anacepetsa malonda awo cifukwa ca nkhondo ya ku Middle East. Mu miyezi yocepa mtengo wa mgolo umodzi unacoka pa madola pafupi-fupi 3 kufika pa 12. Maboma ambili anayamba kusakila mafuta ena, ndipo gasi anali pafupi. Ku Italy na ku Netherlands anali atayamba kale kuthila gasi m'mamotoka kucokela m'ma 1950, ndipo ku Japan matakisi anali atasamukila ku gasi m'ma 1960. South Korea nayo inaika matakisi ake pa gasi. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000, Hong Kong inasintha pafupi-fupi matakisi ake onse kucoka ku dizilo pofuna kucepetsa utsi mu mzinda. Masiku ano ku Turkey kuli mamotoka oposa 4 miliyoni oyendela gasi, ndipo ku Poland nakonso ni mamiliyoni.

M'maiko onsewa injini ni zimodzi-modzi na zathu. Cinasiyana ni cakuti boma linaika msonkho wocepa pa gasi kuyelekezela na wa petulo, kapena linacita kulamula, ndipo amalonda ataona makasitomala anaika mapampu a gasi pa mafilling station. Woyendetsa takisi wa ku Istanbul samanyamula silinda ya kukhichini. Amaima pa pampu, n'kudzaza thanki imene inamangidwila mu motoka na anthu ovomelezeka.

Pa miyala ya Rubicon na Moab

Manje tifike pa kavidiyo kaja. Pa nkhondo yaciwili ya dziko lonse, makampani a Willys na Ford anapanga majipi oposa 600,000. Asilikali atabwelela kwawo anali ataikonda ka motoka kameneka, ndipo mu 1945 Willys inayamba kugulitsa jipi ya anthu wamba. Posapita nthawi, kukwela mapili na motoka kunakhala masewela. Mu 1953 gulu la majipi linadutsa njila ya Rubicon m'mapili a Sierra Nevada ku California, ndipo ulendowo umacitika caka ciliconse mpaka lelo. Njilayo ni ya makilomita pafupi-fupi 35 cabe, koma ambili imawatengela masiku awili cifukwa ni miyala yokha-yokha. Mu 1967 tauni ya Moab ku Utah inayambitsa ulendo wake wa majipi wa pa Isitala. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunayamba mipikisano yokwela miyala, kumene wopambana ni uja wadutsa popanda kugubuduka, kubwelela kumbuyo olo kukhudza zizindikilo.

Anyamata ambili a masewelawa sanali olemela. Anali kugula mamotoka akale ochipa: Jeep CJ, Suzuki Samurai, olo ka vani ka Toyota ka injini ya 22R, m'bale wake wa Hilux imene tiidziwa bwino kuno. Ambili mwa mamotoka amenewa anali a kabuleta, ndipo apa m'pamene panali vuto. Mu kabuleta muli ka mbale kosungila petulo, ndipo mu ka mbaleko muli kanthu koyandama kamene kamatseka na kutsegula njila ya petulo, monga mmene ka mpila ka mu thanki ya toileti kamatsekela madzi. Pa msewu wosalala kamasewenza bwino. Koma motoka ikaimilila mphuno kumwamba, olo ikapendekeka kwambili, petulo amakhuthukila mbali imodzi. Nthawi zina injini imamwa wambili n'kutsamwa, nthawi zina imasowa n'kuzima. Ganizilani injini kuzima muli pakati pa mwala wotsetseleka. Mphamvu yothandiza mabuleki na siteling'i imapita nayo pamodzi, ndipo kumbuyo kuli phompho.

Wina anayang'ana forklift n'kuona yankho. Zipangizo zake n'zocepa. Gasi wamadzimadzi amacoka mu silinda na pulesha yake, conco pampu ya mafuta siifunika. Amadutsa pa valuvu imene imatseka yokha injini ikazima. Kenako amalowa mu kacipangizo kamene kamafunditsidwa na madzi otentha a mu injini, mmene amasandukila mpweya ndipo pulesha yake imatsika. Pothela amafika pa kacipangizo kosakaniza gasi na mpweya, kamene kamakhala pamalo pa kabuleta. Palibe ka mbale, palibe coyandama, palibe cokhuthuka. Motoka ipendekeke mmene ifunila, injini imangolila mofatsa malinga oilo ikali kufika kumene ifunika.

Panali na zabwino zina. Motoka ikagubuduka, cimene cimacitika kambili pa masewelawa, petulo amatayikila pa injini yotentha, pamene gasi amakhala wotsekeledwa mu citsulo colimba. Motoka ya masewela imakhala miyezi ili ciimile, ndipo petulo akakhalitsa amaonongeka n'kutseka tunjila twa mu kabuleta, koma propane saonongeka olo papite zaka. Octane yake ipitilila 100, conco injini siigogoda ikalemedwa. Kuposa zonse, zipangizo zakale za forklift zinali kupezeka pa mtengo wochipa, ndipo makanika wa pansi pa mtengo anali kutha kuzimvetsa popanda kompyuta.

Onani kuti pa zifukwa zonsezi, kuchipa kwa mafuta kulibepo. Anthuwa sanali kuthawa mtengo wa pa pampu. Anali kuthawa injini yozima pa citunda.

Mtengo umene analipila

Gasi nayenso ali na zovuta zake. Lita imodzi ya propane ili na mphamvu pafupi-fupi magawo atatu mwa anayi a lita ya petulo. Ulendo umene udya malita 10 a petulo ungadye 12 olo 13 a gasi. Silinda ya forklift imanyamula malita pafupi-fupi 30, amene alingana na malita 22 cabe a petulo, n'cifukwa cake mu kavidiyo kaja munali masilinda awili. Mphamvu ya injini imatsikako pang'ono, cifukwa gasi amatenga malo amene mpweya ukanalowa. Gasi ni wouma, conco mu mainjini akale amadya pokhala mavaluvu ngati sanaikepo zitsulo zolimba. Nthawi ya moto wa mapulagi ifunika kuicuna mwatsopano. Madzi akacepa mu radiator, kacipangizo kosandutsa gasi kuja kamaundana n'kucita cipale coyela, injini n'kuzima. Ndipo gasi akakuthela pakati pa thengo, mnzako sangakugawileko mu cigubu. Ambili mwa mamotoka amenewa anali kufika pa phili atakwezedwa pa ngolo, n'kusewela makilomita ocepa, n'kubwelela pa ngolo. Pa ulendo wotelo masilinda awili akwana.

Ndiyeno vuto lija la kabuleta linatha mwa njila ina. Pofika kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, mamotoka atsopano a ku America anali atasiya kabuleta n'kuyamba kupopela petulo mu injini na mainjekita oyendetsedwa na kompyuta. Injekita siidziwa kuti motoka yapendekeka. Patapita zaka, mainjini amenewa anadzala kogulitsila zitsulo zakale, ndipo mtengo wake unatsika. Mnyamata amene kale akanasakila zipangizo za forklift anayamba kugula injini ya mainjekita yathunthu. Propane akalipo pa miyala, maka-maka kwa okonda mainjini akale na zinthu zosavuta kukonza, koma pa mipikisano ikulu-ikulu monga King of the Hammers, umene unayamba mu 2007 mu cipululu ca California, petulo ndiye alamulila.

Ku Australia nkhani inathela pa ndalama. Kumeneko eni ma Land Cruiser na ma Nissan Patrol a petulo, mamotoka akumwa kwambili, anali kuikako thanki ya gasi kuti aziyendela zonse ziwili, gasi pafupi na tauni ndipo petulo kutali ku cipululu kumene kulibe pampu ya gasi. Mu 2006 boma linayamba kupatsa munthu madola 2,000 a dzikolo akasintha motoka yake, ndipo magalaji anadzala. Koma mu 2011 boma linayamba kuika msonkho pa gasi wa mamotoka, mu 2014 thandizo lija linatha, ndipo mafakitale a Ford na Holden, amene anali kupanga mamotoka a gasi, anatsekedwa mu 2016 na 2017. Matakisi anasamukila ku mamotoka a haibulidi, ndipo mapampu a gasi anayamba kuzulidwa imodzi-imodzi. Ku Britain nakonso eni ma Range Rover a injini ya V8 anathamangila gasi ca m'ma 2000 pamene mtengo wake unali pafupi-fupi hafu ya wa petulo, koma lelo amayenda mtunda kusakila pothila. Injini zikali bwino, njila yobweletsa gasi ndiye inauma.

Nanga kuno kwathu?

Ife misewu yoipa sitiisakila pa wikendi, imatipeza yokha mvula ikagwa. Koma pitani ku cigwa ca Luangwa olo ku mcenga wa ku Mongu, mudzapeza Land Cruiser ya dizilo, kambili ya injini ija ya 1HZ imene inatuluka mu 1990. Injini ya dizilo ilibe kabuleta, conco vuto limene linatuma anthu a ku Moab kukasakila forklift ife silinatikhudze kweni-kweni. Ndipo dizilo amapezeka pa boma iliyonse, amanyamulika mu dilamu, amafika kumene kulibe pampu.

Koma phunzilo lakuti mafuta amalimba na njila imene amadzela, dziko lathu linaliphunzila movutika. Pa 11 November 1965 boma la Ian Smith ku Rhodesia linalengeza ufulu wake popanda cilolezo ca Britain. Panthawiyo mafuta athu anali kudzela kum'mwela, kucokela ku Beira kupyola mu Rhodesia. Mu December caka cimeneco njilayo inatsekeka, ndipo Zambia, imene inali na caka cimodzi cabe ca ufulu, inayamba kugawa petulo mopima. Ndeke za Britain, America na Canada zinali kubweletsa mafuta m'madilamu, ndipo mathilaki anali kuvutika na matope pa Great North Road kucokela ku Dar es Salaam, ulendo umene madalaivala anaucha Hell Run. Yankho linali paipi ya TAZAMA ya makilomita 1,710, imene inafika ku Ndola mu 1968, na fakitale yoyengela mafuta ya Indeni imene inatsegulidwa mu 1973. Pakati pa zinthu zimene Indeni inali kutulutsa panali gasi wa m'masilinda. Masiku ano Indeni inaleka kuyenga, kucokela mu 2023 paipi ija imanyamula dizilo woyenga kale, ndipo gasi amene tiphikila amabwela na mathilaki kucokela kunja kwa dziko, wogulidwa na madola.

Cilala ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo malaiti anali kuzima pafupi-fupi tsiku lonse, cinapangitsa mabanja ambili a mu Lusaka na ku Copperbelt kugula silinda kwa nthawi yoyamba. Ku khichini gasi wapeza vuto limene akwanitsa kuthetsa: malaiti kulibe, malasha akwela mtengo, ndipo mitengo ikutha. Malo odzazila masilinda nawo aculuka m'makomboni. Zinthu ziwili zija zakumana, vuto na njila. Pa msewu zikalibe kukumana.

Tisasokonezenso na zimene timamva ku Dar es Salaam na ku Nigeria, kumene mamotoka ena asamukila ku CNG. Ameneyo ni gasi wina, wa pansi pa nthaka, amene amapanikizidwa pa pulesha yoposa kuwilikiza ka 20 ya mu silinda yophikila, ndipo ali na mathanki ake-ake. Maiko awiliwo ali na zitsime zawo za gasi ameneyo.

Yankho kwa mnzathu wa takisi

Sabata yotsatila tinamuyankha pa wailesi, ndipo tibwelezanso pano. Silinda ya forklift na ya amai zioneka zofanana, koma mkati n'zosiyana. Ya forklift ili na ka paipi kofika pansi kotulutsa gasi wamadzimadzi, ndipo inapangidwa kuti izigona m'njila imodzi yoikika. Ya kukhichini inapangidwa kuti iziimilila n'kutulutsa mpweya wocepa wokwanila sitovu. Injini ya motoka ikayamba kukoka, silinda imeneyo imazizila, imacita cipale, pulesha imagwa, motoka n'kuima. Mukaigoneka, gasi wamadzimadzi amalowa mu regulator na mu paipi ya labala zimene sizinapangidwile zimenezo. Thanki yeni-yeni ya motoka ili na valuvu yoletsa kudzaza kupitilila 80 pelesenti, ina yotseka paipi ikaduka, ina yotseka injini ikazima, na njila yotulutsila gasi panja pa motoka. Silinda yoponyedwa mu buti, pa dzuwa la mu October, ilibe citetezo cimeneci. Gasi wodontha amakhala pansi mu butimo, ndipo magawo awili cabe pa 100 alionse a mpweya akwana kuti ka moto ka waya wa malaiti a mabuleki kayatse zonse. Pa mpando wa kumbuyo pamakhala makasitomala.

Tinamupemphanso kuti atenge bolopeni. Kilogilamu imodzi ya gasi ni malita pafupi-fupi awili, ndipo mphamvu yake ilingana na lita imodzi na hafu ya petulo, olo kucepelako pang'ono. Conco silinda ya 9 kg ili monga malita 12 olo 13 a petulo. Afunse mtengo wodzazila silindayo pa komboni yake, ayelekezele na wa malita 13 pa pampu, aonjezepo ndalama ya zipangizo na ya makanika wodziwa nchitoyo. Samu imeneyi ndiye inaweluza ku Texas, ku Istanbul na ku Australia, ndipo kuno isintha mwezi uliwonse.

Tsiku lina zingasinthe. Boma likaika malamulo a kasinthidwe ka mamotoka, makoleji a zaumisili akaphunzitsa amakanika, msonkho ukapepuka ndipo mapampu akaikidwa pa Great East Road na Kafue Road, matakisi a mu Lusaka angayendele gasi monga a ku Seoul. Amene afuna zimenezo, funso lawo alipeleke kwa a ERB na kwa aphungu awo, ndipo ife tidzawapatsa maikolofoni. Pakali pano, silinda ya amai ikhale ciimilile pafupi na sitovu, pamalo popita mphepo.